Mlomo Wagula Bandulo

Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Akuluakulu adanena mwambiwu nthawi imene mlomo unkayenda wapansi ngati mwini wake. Ukalalata pamowa m'mudzi mwa eni, mlomowo unkatha sabata kuti uwoloke dambo n'kukupeza kwanu, ndipo pofika unkakhala utatopa, mawu ena atatayika m'njira. Lero mlomo udagula bandulo. Iwe usanafike n'komwe pasiteji ya minibasi, uwo wakupitirira kale, wafika kunyumba, aupatsa mpando.

Ine za mlomo ndidaziphunzira ndili Sitandade 3. Mayi adapeza shuga wa m'chitini atatsika, natiika pamzere ana onse. "Wadya shuga ndani?" Achimwene anga adangoti duu, maso kudenga ngati akuwerenga malata. Ine, wanzeru, ndidayamba kufotokoza za nyerere, kuti chaka chimenecho zidaswana kwambiri, ndipo ina ndidaiona ndi maso anga itasenza. Ndikulankhula choncho, timibulu ta shuga tinkayoyoka pamlomo kugwera pamalaya. Achimwene, amene adabwira masipuni atatu ine imodzi yokha, sadakhudzidwe ndi mthiko. Pano ndi mkulu wa mpingo.

Zimene adachita achimwene tsiku lija zidadzalowa m'malamulo oyendetsera dziko lino a 1994. Gawo 42 likuti munthu akamangidwa auzidwe msanga, m'chilankhulo chimene amamva, kuti ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo achenjezedwe zotsatira za chilichonse chimene anganene. Asakakamizidwe kuvomera mlandu, akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo kumeneko atha kungokhala osaperekera umboni mlandu wake womwe. Ntchito yotsimikizira khoti kuti walakwa ndi ya boma. Koma chimene lamulo lidakupatsa ndi chete basi. Nkhani ya nyerere ija silidakupatse. Ukalumbira m'bokosi la mboni kenaka n'kupeka, wadzigulira mlandu wachiwiri pamwamba pa woyamba.

Vuto ndi lakuti ufulu umenewu udafikira anthu amene moni wokha timatha nawo mphindi zisanu, mpaka kufunsana za mbuzi. Pabwalo la amfumu, kufunsidwa n'kusayankha ndi mwano, ndipo ankhoswe ako omwe ndi amene angayambe kukugunda ndi chigongono. Kunyumba ndiye musayese dala. Mayi akunyumba akagwira foni n'kufunsa kuti, "Bambo a Chikondi, ameneyu mudamulemba kuti Makaniko, nanga bwanji akufunsa ngati mwagona bwino?" gawo 42 limathera pakhonde. Mukati duu mwavomera. Mukayankha mwavomeranso, kungoti motalikitsa.

Mwini wake wa dzina la ufuluwu ku America naye mwambi wathu sadaumve. Ernesto Miranda adamangidwa mu 1963 mumzinda wa Phoenix, ku Arizona, pa mlandu woba ndi kugwiririra mtsikana. Apolisi atamufunsa kwa maola awiri, adavomera n'kusaina. Mu 1966 khoti lalikulu la dzikolo, oweruza asanu kutsutsana ndi anayi, lidafafaniza chigamulo chake chifukwa palibe adamuuza kuti atha kukhala chete kapena kuitana loya. Mawu aja mumawamva m'mafilimu wapolisi akumanga munthu unyolo adachokera pamenepo. Munthu n'kuganiza kuti basi, Miranda wapulumuka. Ayi ndithu. Mlandu suwola. Mu 1967 adamuzenganso popanda pepala lija, koma kudabwera mayi amene ankakhala naye, nanena kuti bamboyo adamuululira zonse atapita kukamuona m'ndende. Mlomo umene adasiya kupolisi oweruza adaufufuta, koma umene adasiya kwa mkazi udamupeza, ndipo adamumanganso.

Ameneyo adaululira munthu mmodzi. Ife timaululira gulu la WhatsApp la anthu 200, kuphatikizapo apongozi ndi msuweni wa wapolisi. Munthu amakanikiza kabatani kaja kojambulira mawu n'kuyamba ndi mawu akuti, "Izi ndikuuza iwe wekha," ngati kuti foni idalumbirapo pa Baibulo. Chikhazikitsireni lamulo loona za pa intaneti mu 2016, alipo anthu angapo amene agonapo m'chitokosi chifukwa cha zimene adajambula kapena kulemba ali khale pampando kunyumba kwawo. Tangoganizani munthu wotere atafika kupolisi, wavala nkhope ya achimwene anga, akuti salankhula loya wake asanabwere. Wapolisi sakwiya. Amangoika foni patebulo n'kukweza voliyumu, ndipo mlomo umene unasiyidwa Lachiwiri usiku umayamba kupereka sitetimenti wokha, ndi kutsokomola komwe, tambala wa kunyumba akulira kumbuyo ngati mboni yachiwiri.

Ndisanamizire kuti ine ndidasintha. Mwezi watha ndidauza mnzanga amene ndili naye ngongole kuti ndili kumaliro kumudzi. Madzulo ake mphwanga adaika chithunzi pa Facebook, ine ndili pakati, chiwaya cha kanyenya patsogolo, pakamwa pali mbuu ndi mafuta. Pamenepa sindidalankhule kanthu, koma mlomo udaonekabe.

Miranda adatuluka m'ndende mu 1972, ndipo ankapeza kangachepe pogulitsa timakadi tolembedwa mawu a chenjezo aja atatisaina dzina lake. Mu 1976 adabayidwa ndi mpeni pa ndewu ya m'bala ku Phoenix komweko, n'kumwalira. Apolisi adagwira munthu wina amene ankamuganizira, namuwerengera ufulu wake monga mwa lamulo la Miranda. Mkuluyo adamvetsera bwinobwino mpaka kumapeto, sadayankhe kanthu, ndipo adamumasula.