A Sephiroth Adzukanso: Zomveka M'tauni ya Final Fantasy VII

Nkhani zina zikatha, anthu amakung'untha fumbi n'kubalalika, aliyense kwawo. Ya Final Fantasy VII inakana zimenezo. Gemuyi inatuluka ku Japan mu Januwale 1997, pa PlayStation yoyamba ija, pa madisiki atatu. Ndi gemu ya mtundu uja woti umatenga munthu wa m'nkhani n'kuyenda naye masiku ambirimbiri, kumugulira zida, kumuwonjezera mphamvu, mpaka mavuto ake kusanduka ako. Amene anaimaliza anaona ndi maso awo: Cloud Strife, mnyamata wa tsitsi losongoka ndi chilupanga choti munthu wamba sangachinyamule, wagonjetsa Sephiroth, dziko lapulumuka, mayina a opanga gemu ayamba kukwera pa sikirini. Komatu kuyambira m'mashopu a magemu a ku Akihabara mumzinda wa Tokyo mpaka kulikonse kumene okonda gemuyi amakumana, pakamwa sipanatsekedwe mpaka lero. Nazi zomwe zikumveka.

Achikulire a m'tauniyi, aja anasewera gemuyi ali ana asukulu koma pano imvi zili mbuu, amati gwero la zonse ndi thumba lobooka. Mu 2001 kampani ya Square, imene inapanga gemuyi, inatulutsa filimu ya Final Fantasy: The Spirits Within, yopangidwa yonse pa kompyuta. Inadya madola pafupifupi 137 miliyoni, koma m'malo oonetsera mafilimu inangobweza pafupifupi 85 miliyoni. Situdiyo yawo ya ku Honolulu inatsekedwa, ndipo mu 2003 Square inaphatikizana ndi Enix. Pasanapite nthawi, anthu anangomva kuti nkhani ya Cloud, imene aliyense ankati inatha, ili ndi zotsalira zambiri zoti zifotokozedwe, ndipo chotsalira chilichonse chili ndi mtengo wake. Akuluakulu a kampani anazipatsa dzina laulemu lakuti Compilation of Final Fantasy VII. Achikulirewo amangogwedeza mutu n'kumati njala imakumbutsa munthu abale amene anawaiwala.

Chomwe chimaseketsa anthu mpaka pano ndi ntchito imene a Cloud anaipeza atapulumutsa dziko. Mu filimu ya Advent Children ya mu 2005, yomwe anatsogolera a Tetsuya Nomura, papita zaka ziwiri chithereni nkhondo ija, ndipo ngwazi yathu ikuyendetsa njinga yamoto n'kumaperekera anthu katundu. Kunena mosapsatira, wa kabaza. Kusiyana kwake n'kwakuti njinga yake imatseguka m'mbali n'kutulutsa malupanga, ndipo mwini wake sayankha foni ngakhale ilire chotani. Foniyo nayo ili ndi mbiri yake. Inali ya Panasonic, yeniyeni yogulitsidwa m'mashopu a ku Japan, ndipo pamene inagwera m'madzi, kamera inaitsatira ikumira pang'onopang'ono mwaulemu wonse. Ena amati palibe munthu wa m'filimuyo amene anajambulidwa mwachikondi chotero. Kumapeto kwake a Sephiroth, amene tonse tinawaika m'manda mu 1997, anatulukira tsitsi lili lopesa bwino, n'kumenyedwanso kachiwiri.

Dandaulo lakalekale la okhala kunja kwa Japan ndi Before Crisis. Iyi inatuluka mu 2004 pa mafoni a m'manja a ku Japan okha, chigawo ndi chigawo, ndipo wosewera ankakhala mmodzi wa a Turks, anyamata ndi atsikana a masuti akuda aja ogwirira kampani ya Shinra ntchito zosanenedwa masana. Inali ndi kaluso kake: ukajambula chinthu ndi kamera ya foni, mtundu wa chinthucho unkasanduka mwala wamatsenga wogwiritsa ntchito pankhondo. Kunja kwa Japan sinafike. Choncho pali anthu ambiri amene amakangana mwaukali za gemu imene sanaigwirepo n'kamodzi komwe, umboni wawo uli zomwe anzawo anamasulira mongodzipereka. Ukawafunsa ngati anaisewera, amasintha nkhani.

Mu 2006 kunabwera Dirge of Cerberus pa PlayStation 2, gemu yowomberana ndi mfuti. Mwini nkhani anali Vincent Valentine, bambo amene mu gemu yoyamba ankagona m'bokosi la maliro m'chipinda cha pansi pa nyumba ina ku Nibelheim, ndipo ukafuna unkatha kumaliza gemu yonse osamudzutsa. Anthu ambiri ataisewera anagwirizana chimodzi, zomwe sizichitikachitika m'tauniyi: bola akanawasiya bambowo apitirize tulo tawo.

Koma pa Crisis Core, ya mu 2007 pa PSP, onyoza omwe amatsitsa mawu. Ndi nkhani ya Zack Fair, mnzake wa Cloud, amene ankanyamula chilupanga chija asanachisiyire mnzakeyo. Aliyense ankadziwa kuyambira 1997 kuti Zack adzafera kunja kwa mzinda wa Midgar, asilikali atamuwombera. Anthu anagulabe, n'kusewera mpaka pamalo omwewo, n'kulira ngati sanauzidwe. Chimene sanakhululuke ndi Genesis, munthu watsopano amene nkhope yake anatengera kwa woimba wa ku Japan, Gackt. Ameneyu akangoonekera amayamba kulakatula ndakatulo, adani ndi abwenzi omwe ataima n'kumadikira kuti amalize. Kenaka mu 2020, kumapeto kwa Remake, gemu yobwereza nkhani ya mu 1997 mwatsopano, Zack yemwe uja anaoneka ali moyo, akuyenda ndi miyendo yake. Amene analira mu 2007 akufunsabe kuti ofesi yobwezera misozi ili kuti.

Okonda kuwerenga zilembo anazindikira kale kuti mayinawa akafupikitsidwa amayenda mwa ndondomeko: AC, BC, CC, DC. Ever Crisis itatuluka pa mafoni mu 2023, EC inakwanira, ndipo pano pali anthu amene akubetcherana za dzina loyamba ndi F. Ndondomekoyo ili pa zilembo pokha. Wofuna kutsatira nkhani kuyambira pachiyambi amayenera kudumphadumpha, kwinaku akufunafuna timabuku ta a Kazushige Nojima totchedwa On the Way to a Smile, chifukwa zina zimene filimu sinafotokoze zinabisala m'menemo.

Sikuti zonse zimene kampaniyi yagwira zasanduka ndalama. Itaona kuti achinyamata atengeka ndi magemu aja oponya anthu ambirimbiri pabwalo limodzi kuti aphane mpaka atsale mmodzi, nayo inati isatsale. The First Soldier inatsegulidwa pa mafoni mu Novembala 2021, n'kutsekedwa mu Januwale 2023. Amene anagulira asilikali awo zovala zokongola mu gemuyo anatsala ndi zithunzi zokha. Akale anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada, ndipo mwambiwu ukanawathandiza a ku Tokyo akanaumva msanga.

Pa malonda ang'onoang'ono ndiye pali zoti munthu angaseke mpaka nthiti kuwawa. Mu 2007, pokumbukira kuti gemuyi yakwanitsa zaka khumi, kampani ya zakumwa ya Suntory inagulitsa Potion, dzina la mankhwala aja amene Cloud amamwa akavulala. Sanachiritse aliyense, koma mabotolo ndi zitini zake anthu akusungabe m'makabati. Mu 2015 Cloud anakalowa mu Super Smash Bros. ya Nintendo kukamenyana ndi Mario, ndipo mu Disembala 2020 a Sephiroth anamulondola komweko, poti kumene kuli Cloud iwo sasowa. Mu 2023 gemu ya PowerWash Simulator, imene ntchito yake ndi kutsuka zinthu ndi paipi ya madzi amphamvu basi, inaika chigawo cha Midgar. Anthu akuluakulu, ena oti kunyumba kwawo mbale zagona m'sinki, anakhala usiku wonse akutsuka bala ya Tifa, mnzake wa Cloud, mpaka kuwala. Mu Juni 2025 anthu a Final Fantasy analowanso pa makadi a Magic: The Gathering, ndipo nyimbo za a Nobuo Uematsu zakhala zikuimbidwa ndi magulu akuluakulu a zoimbira m'maholo a mayiko osiyanasiyana kuyambira pamene makonsati a Distant Worlds anayamba mu 2007. Kumeneko munthu amavala jekete, n'kukhala phee kumvetsera nyimbo imene anaimva koyamba akutukwana sikirini chifukwa Sephiroth wamupha kachisanu.

Mkangano umene sudzaweruzidwa ndi wa chikwati. Kodi Cloud ndi wa Tifa, mnzake wa paubwana, kapena wa Aerith, mtsikana wogulitsa maluwa? Magulu awiriwa akhala akulozana zala kwa zaka zoposa 25, ndipo filimu iliyonse, buku lililonse, gemu iliyonse yatsopano amaifufuza chiganizo ndi chiganizo kusaka umboni. Kampani nayo ndi yochenjera: mbali iyi imaipatsa kugwirana dzanja, mbali inayo kuyang'anana m'maso, mlandu n'kuimitsidwa. Pali kagulu kachitatu kamene kamakumbutsa modekha kuti mu gemu yoyamba, ukasewera mwanjira ina, amene amapita kokacheza ndi Cloud ku malo achisangalalo a Gold Saucer usiku wina ndi Barret, chibambo cha mfuti pamkono.

Za Aerith zomwezo ndi zimene zatenthetsa tauni posachedwapa. Imfa yake kumapeto kwa disiki yoyamba inavuta kuilandira moti m'masiku amenewo munkayenda mphekesera zoti pali njira yachinsinsi yomuukitsira, ana n'kutaya masabata akuyesa zabodza. Remake, imene inalengezedwa mu 2015 n'kutuluka mu Epulo 2020, inatenga chigawo cha Midgar chokha, chimene kale chinkatha m'maola owerengeka, n'kuchitambasula kukhala gemu yathunthu. Rebirth, gawo lachiwiri la mu Febuluwale 2024, inafika pamalo a imfa paja, n'kupanga zoti anthu awiri amene aonera sikirini imodzi atuluke wina akuti wamwalira, wina akuti ali moyo kwinakwake. Yankho akuti lili m'gawo lachitatu.

Apa ndiye pali gulu lalikulu limene likulumbira kuti latopa, lakamidwa mokwanira, ndipo gawo lachitatulo siligula. Kampani yamva ndithu kuti zinthu sizili bwino kwenikweni, chifukwa inavomera yokha kuti Rebirth sinagulidwe monga inkayembekezera, ndipo mu Januwale 2025 inaitulutsanso pa kompyuta kuti ipeze ogula ena. Koma amene amawadziwa bwino olumbirawa sakutekeseka. Ndi omwewo analumbira pa Dirge of Cerberus, analumbiranso pa Remake, ndipo ukalowa m'nyumba zawo upeza zonsezo zili ndandanda pa shelefu, pambali pake botolo la Potion losatsegula. Munthu wotopa zenizeni sakhala akufunsa tsiku ndi tsiku kuti gawo lachitatu lituluka liti.