Bulaki Alibe Pasipoti

Ine sukulu ndinalekeza giredi 7, choncho mafunso anga akamveka achibwana mundikhululukire. Kuno ku Nyimba ndili ndi ng'ombe zisanu ndi imodzi, zathu zomwezi za Angoni, zanyanga zazifupi ndi linunda pamsana. Mwezi wa feteleza utafika ndinati ndigulitse Bulaki, ng'ombe yanga yapagoli. Wogula wina wochokera ku Petauke anaizungulira kawiri, n'kuitsina pantchafu, n'kutchula mtengo woti ndinayamba ndaseka. Ndinati ku Lusaka nyama ikudula, bwanji ndingopita nayo ndekha? Iye anati, "Pitani madala, tikakuoneni pa mlatho wa Luangwa."

Apa m'pamene mutu wanga unaima. Nthochi zathu za pa Nyimba zimawoloka mlatho umenewo pa basi iliyonse, popanda wozifunsa kwawo. Makala akuwoloka, anthu odwala chifuwa akuwoloka. Nanga Bulaki analakwanji kuti afunike chikalata?

Mphwanga, amene anaphunzirako za ziweto, anandikhazika pansi. "Amalume, vuto ndi nkhupakupa. Zimanyamula East Coast fever, ndipo ng'ombe ikhoza kuoneka yonenepa koma matenda ili nawo m'magazi. N'chimodzimodzi nkhumba za kuno kum'mawa, zimatsekeredwa chifukwa cha chigodola." Izi ndinazimva, pakuti ndinakwirirapo ana a ng'ombe atatu chaka chimodzi, maso ali mbuu, thovu lili m'mphuno. Ndikukumbukanso za ku Chama mu 2011, pamene anthu mazanamazana anadwala anthrax atadya mvuu zofa zokha. Nyama ikhoza kupha, sinditsutsa.

Koma ndinamufunsa: ngati a boma amaopa chonchi ng'ombe yomwe ine ndikudziwa mayi wake, zinatheka bwanji zija za mu 2013? Paja wailesi inalengeza kuti m'nyama ina imene kampani ya Zambeef inkaitanitsa kunja munapezeka mankhwala a mtundu woumitsira maliro, mpaka nyamayo inachotsedwa m'mabutchala. Ziboda ndi zam'kati zinawoloka nyanja yamchere, n'kudutsa malire a dziko, zikalata zili m'manja. Chaka chomwecho ku Britain ndi ku Ireland anthu ankadya nyama ya hatchi, paketi italembedwa kuti ng'ombe. Ndiye chikalatacho chimayeza nyama, kapena chimayeza mwini nyama?

Mphwanga anangokanda kumutu, n'kunena kuti ngakhale azungu okhaokha sagwirizana. Mu 1989 mayiko a ku Ulaya analetsa nyama ya ng'ombe zokulitsidwa ndi mankhwala a mahomoni, zimene alimi a ku America amaweta. A ku America anati mankhwalawo alibe vuto, inu mukungoteteza alimi anu. Mlandu unapita ku bungwe la zamalonda la WTO, ndipo mu 1998 linagamula kuti a ku Ulaya sanapereke umboni wokwanira. Iwo anakanabe kutsekula chitseko. America inabwezera mu 1999 pokweza msonkho pa katundu wa ku Ulaya wa madola 116.8 miliyoni pachaka, kuphatikizapo tchizi cha Roquefort cha ku France.

Ndinati taima kaye. Mlandu ndi wa ng'ombe, wolangidwa n'kukhala wopanga tchizi? Kwathu kuno ng'ombe yanga ikadya chimanga cha mnzanga, a nduna a mfumu Ndake salipiritsa munthu woumba mbiya. Ndiponso woluza mlandu amatha bwanji kunena kuti chigamulo ndachimva koma sindichita? Kapena bwalo limenelo lili ndi mpando wina wa anthu olemera?

Anandiuzanso kuti mu December 2003 ku America kunapezeka ng'ombe imodzi yokha yodwala matenda amisala ya ng'ombe, ndipo Japan ndi South Korea anatseka misika yawo nthawi yomweyo. Boma la South Korea litafuna kutsekulanso mu 2008, anthu anadzaza misewu ya Seoul usiku atanyamula makandulo. Pamenepo a ku America, omwe aja, anadandaula kuti mantha achuluka kuposa umboni. Ine ndinaona ngati aliyense amakhulupirira sayansi tsiku limene akugulitsa, tsiku logula n'kukhulupirira mantha. Kapena ndi umbuli wangawu.

Chinandipweteka ndi cha anansi athu. Botswana ndi Namibia amagulitsa nyama ku Ulaya, ife ayi, chifukwa cha matenda a zilonda zam'kamwa ndi m'mapazi. Iwo anamanga mipanda yaitali yolekanitsa ziweto, ndipo mu 2020 Namibia inakhala dziko loyamba mu Africa kutumiza nyama ya ng'ombe ku America. Ndinaomba m'manja. Kenako mphwanga anati alimi a kumpoto kwa mpanda wa ku Namibia, eni ng'ombe zambiri zakumudzi, msika umenewo amangoumvera pa wailesi. Ndinati kodi kani nawonso ali ndi Luangwa wawo?

Bulaki ndinamugulitsa kwa wa ku Petauke uja, pa mtengo womwe ndinauseka. Sabata yotsatira mphwanga anaimba foni ali ku Lusaka, akuti akudya nsima ya nyama pa msika wa Soweto. Ndinamufunsa ngati nyamayo inali yolimba ngati ya ng'ombe yapagoli. Anati inde, amalume, mwadziwa bwanji?