Mbuzi za pa msewu wa ku Kachulu

Ku Kachulu inshuwalansi ya galimoto ndi kapepala komata pagalasi kuti a tirafiki asakuvutitse. Mukafunsa mwini Sienta yoyenda pakati pa Zomba ndi doko la nyanja ya Chilwa kuti analipira ya mtundu wanji, amayankha akutafuna nzimbe: "Yotchipa ija, achimwene, yofuna boma ija." Akunena third party, imene lamulo limakakamiza galimoto iliyonse. Imalipira munthu amene mwamuvulaza kapena kumuwonongera katundu. Galimoto yanu mukonza nokha.

Zimenezi dalaivala amazimva bwino tsiku limene wagunda mbuzi. Ndipo mbuzi ya pa msewu uwu ikagundidwa imakhala ndi bere nthawi zonse, ngakhale ili tonde.

"Inali ndi ana awiri m'mimba, bambo! Fizi ya mwana wa Fomu 2 inali pomwepa," akulira mayi mwini mbuzi, dzanja lili pamutu, diso lili pa thumba la dalaivala.

Dalaivala akuimbira a inshuwalansi, mawu ali m'mwamba kuti khamu limve. "Bwana, bampala yatheratu, nyali imodzi yasweka."

"Za mbuzi tikambirana mukabweretsa lipoti la ku polisi. Bampalayo ndi yanu."

"Nanga ndalama zanga zija?"

Apa mpamene amatulukira mkulu wina wodziwa zonse, amene sanayendetsepo ngakhale ngolo. Akufotokoza kuti ilipo inshuwalansi ina yowonjezerapo moto ndi kuba. Khamu likuyang'ana Sientayo, chitseko chomangidwa ndi mphira, fungo la matemba likutuluka m'buti, ndipo onse akugwirizana kuti wakuba sangadzivute. Iliponso comprehensive, yokonza ndi galimoto yako yomwe, koma ndi yodula, ndipo pokonzapo gawo loyamba, lotchedwa excess, umalipira wekha.

"Imeneyo ndiye ndidzalipira chaka chamawa," akutero dalaivala molimba mtima.

Mkulu uja akutsokomola. "Kodi achimwene, galimotoyi munailembetsa kuti ndi yoyendera inu ndi alamu, kapena yamatola?"

Chete. M'galimoto ya anthu 7 mukutuluka anthu 11, madengu awiri a milamba youma ndi mwana amene anakhala pakati pa dalaivala ndi chitseko. A inshuwalansi akamva zoti galimoto yapakhomo imanyamula anthu olipira, amatha kukana, ndipo aliyense pano akudziwa zimenezo tsopano.

Lipoti la ku polisi laiwalika pomwepo. Dalaivala wapisa m'thumba, walipira mbuzi ndi ana ake awiri osaoneka aja, kenaka wauza apaulendo kuti afinyane pang'ono. Nyamayo ndi yake tsopano, ndipo wakanyenya wa padoko amagula msanga isanafike 4 koloko.