Ukapanda mano usamaswa phale: njinga nazo zidamera mano

Akuluakulu adati ukapanda mano usamaswa phale. Ankanena nkhalamba ija mano adaithera m'kamwa, imene ikaona adzukulu azungulira moto akukukuta chimanga chokazinga, mtima umaiwawa mpaka kuponda dala phale lokazingiralo. Poti ine sindidya, asadyenso wina. Koma mwambiwu udapekedwa kalekale, dzino likaguluka n'kukhala kuti lapita basi. Masiku ano mano amachita kugula. Ndipo kumayiko ozizira akumpoto zidafika poti ndi njinga yopalasa yomwe amaigulira mano.

Musathamangire kuseka. Ku Finland, ku Sweden, ku Canada ndi kwina kotere, miyezi ingapo pachaka kumwamba sikugwetsa mvula koma chipale chofewa, ndipo wapanjinga amakhala ndi adani awiri osiyana makhalidwe. Woyamba ndi chipale chongogwa kumene. Ameneyu ndi mdani waulemu: amakulemetsa miyendo, tayala limatitimira, thukuta limatuluka kunja kukuzizira, koma akakugwetsa amakugoneka pofewa. Wachiwiri ndi ayezi. Masana kukafundako chipale chija chimasungunuka, usiku madziwo n'kuuma gwa, m'mawa msewu uli see. Woopsa kwambiri ndi uja wopyapyala woonekera mkati, woti iwe ukuona phula lakuda n'kumati langonyowa. Pamenepo mphira sugwira, ngakhale tayala likhale ndi mapanga akuluakulu bwanji. Umangozindikira ukuyang'ana mitambo, chipewa uko, njinga uko, "mayo" atachedwa kutuluka.

Mano a njinga ndi timisomali ting'onoting'ono tokhomerera mu mphira wa tayala, tongosuzumira kunja milimita imodzi kapena iwiri. Thupi lake ndi lachitsulo kapena aluminiyamu, koma kansonga kake n'ka tungsten carbide, kolimba kuposa chitsulo wamba, koti kamakanda ayezi ndipo sikaperepeseka msanga paphula. Ku Finland, kumene kampani ya Nokian idapanga tayala loyamba lagalimoto la nyengo yozizira mu 1934, matayala ena a njinga amatchulidwa ndi kuchuluka kwa mano ake: Hakkapeliitta W106 lili ndi mano 106, W240 lili ndi 240. Ajeremani a Schwalbe nawo sadafune kutsala. Lawo la m'tauni, Marathon Winter Plus, limafika mano 240, pamene la m'tchire, Ice Spiker Pro, lalikulu lake lili ndi mano 402. Mwini njingayo, ngati sadasewere ndi shuga, ali ndi 32 okha, ndipo enawo akugwedera.

Mano ogula ali ndi mwambo wake. A Schwalbe amalangiza kuti tayala latsopano uyambe waliyendetsa makilomita 40 paphula louma, mofatsa, osamanga mabuleki mwaukali, kuti timisomalito tikhazikike m'malo mwake. Wopupuluma amawataya m'njira limodzilimodzi, n'kubwerera kunyumba ndi tayala lamagweru. Ukafika pa ayezi umaphwetsako mpweya pang'ono kuti mizere ya mano ya m'mphepete nayo ilume. Msewu ukauma umapopanso, kuti njinga ipepukeko. Koma ngakhale upope bwanji, siyenda mwakachetechete. Paphula imalira thetheretethere, ndendende chimanga chikuphulika paphale, moti oyenda pansi amakupatukira usanaimbe belu. Wozembera ngongole asagule matayala amenewa.

Mano amenewa ali ndi zimene sakukuta. Pachivundikiro chachitsulo cha ngalande kapena panjanji, chitsulo chikakumana ndi chitsulo chinzake zimangoterereka. M'chipale chakuya chofewa alibe choti alume, amangotafuna mphepo. Mtengo wakenso ndi woluma: matayala awiri abwino angathe kudya ndalama yogulira njinga yonse yakale. N'chifukwa chake ambiri amafunsa kuti ngati thumba lalola tayala limodzi lokha, aliike kuti? Odziwa amati kutsogolo. Tayala lakumbuyo likaterereka njinga imangogwedeza mbuyo, iwe n'kuiwongola, mtima uli phaphapha koma ukadali pachishalo. Lakutsogolo likaterereka nkhani yatha, mahandulo alibenso ntchito. Apa njinga ikugwirizana ndi anthu, amene akapatsidwa mwayi wosankha amayamba kuikitsa mano akutsogolo.

Ndiye pali anthu aluso la m'manja, amene mawu oti "kagule" amawamva ngati chipongwe. Awa amatenga tayala lakale lamapanga, kuliboola mwandondomeko, n'kulowetsa masikuluwu afupiafupi kuchokera mkati kuti nsonga zitulukire kunja. Mkatimo amayalamo chubu chakutha kuti mitu ya masikuluwu isaboole chubu chenicheni. Pa nyanja ya ayezi njinga yotere imaluma mwaukali kuposa yogula. Vuto n'loti chitsulo wamba chimatha msanga paphula, ndipo tayalalo limaluma aliyense: mwini wake polivala, buluku lake, mphaka wa m'nyumba. Ena aulesi pang'ono amangomanga timalamba tapulasitiki tomangira mawaya kuzungulira tayala ndi limu, kamodzi pakati pa masipoko aliwonse. Pachithunzi zimaoneka zanzeru. Koma ngati mabuleki ako ndi ofinya limu, ukangomanga kamodzi timalamba tonse tili mbwee pamsewu. Pulasitiki ikazizidwa imathetheka, ndipo tsiku limene tayala liphwe uyenera kudula tonse kuti ufike pachubu, zala zitachita dzanzi.

Gulu lina lidati za mano ayi, nkhani ndi kunenepa. Ku Alaska, kumene mpikisano wa njinga pachipale wotchedwa Iditabike udayamba mu 1987, akatswiri ena ankalumikiza malimu awiri pamodzi kuti njinga isatitimire. Pofika 2005 kampani ya Surly ya ku Minnesota idayamba kugulitsa njinga yotchedwa Pugsley, ya matayala otambalala pafupifupi masentimita 10. Mpweya amaikamo wochepa woti chala chimabonyola tayala, ndipo njinga imayandama pamwamba pa chipale pamene yowonda ikadamira mpaka m'masipoko. Koma ikakumana ndi ayezi weniweni, usinini ndi usinini basi, ukule bwanji. Wokwerayo amagwa chimodzimodzi, kungoti amagwa ndi njinga yodula. Mapeto ake matayala onenepawo nawonso adayamba kuwaika mano.

Tsono nali dabwi. Mzinda wotchuka kwambiri pa kupalasa njinga m'nyengo yozizira ndi Oulu, kumpoto kwa Finland, wa anthu oposa 200,000, kumene chipale chimakhala pansi pafupifupi miyezi isanu. Msonkhano woyamba wa Winter Cycling Congress udachitikira komweko mu 2013. Munthu angaganize kuti kumeneko njinga iliyonse ndi yamano. Ayi ndithu. Ambiri amapalasa njinga wamba, zamatayala wamba, agogo ndi ana omwe. Mu 2019 chithunzi cha pasukulu ya Metsokangas chidazungulira dziko: njinga mbwee pachipale, kutazizira madigiri 17 kunsi kwa ziro, ndipo zidamveka kuti mwa ana pafupifupi 1,200 a pasukulupo, okwana 1,000 amabwera panjinga. Chinsinsi chawo sichili m'sitolo. Mzindawu uli ndi njira za njinga ndi oyenda pansi zoposa makilomita 900, ndipo zikuluzikulu amazipala m'mamawa anthu asanadzuke. Sapala mpaka paphula. Amasiya chipale chopyapyala chotsendereka bwino, chokhakhala pang'ono, chimene tayala wamba limagwira. Poti zizindikiro zopenta pansi zimakwiririka, malo ena amaziwalitsa ndi magetsi pamwamba pa chipalecho. Kumene phale amalisamala chonchi, ndi wopanda mano yemwe amadya nawo.

Oswa phale ali m'mizinda ina yambiri, ndipo savala nsanza, amavala jekete. Chigalimoto chopala chipale chimadutsa usiku, kuyeretsa mbali ya magalimoto kuti mbee, chipale chonse n'kuchiunjika m'kanjira ka njinga. Masana muluwo usungunuka, usiku uuma, mawa lake ndi chitunda cha ayezi choti ndi mbuzi yomwe ingakane kukwerapo. Kenako mkulu wina amene adasiya kupalasa ali mnyamata amaima pawindo la ofesi mu Januwale, n'kuwerenga njinga, n'kupeza ziwiri. "Mwaonatu," amatero pamsonkhano, "anthu sapalasa kukazizira. Tiwonongerenji ndalama kupala njira yopanda anthu?" Phale waliswa yekha, kenako akuloza ana kuti taonani sakonda chimanga. Ku Montréal adayesa njira ina: kuyambira 2023 njinga zobwereka za BIXI adazisiya pamsewu nyengo yozizira yonse, ataziveka matayala amano, ndipo okwera adapezeka.

Komabe akuluakulu akadaona zimenezi akadawonjezera mawu ochenjeza amano omwe, chifukwa mano ogula amabwera ndi matama. Taonani bambo uyu wavala matayala a mano 240 kutsogolo, 240 kumbuyo. Akudutsa pa ayezi ali nganganga, akupitirira oyenda pansi amene akukwawa atagwira mpanda, mwinanso kuwagwedezera mutu mowamvera chisoni. Njinga ikugwira bwino mwakuti waiwaliratu chimene chili pansi pake. Wafika pamaloboti, nyali yafiira. Wamanga mabuleki mwaulemu, njinga yaima pomwe amafuna. Watsitsa phazi. Nsapatoyo ndi ya ku ofesi, yosalala kunsi, ilibe dzino ngakhale limodzi. Mwendo ukupita kum'mawa, njinga kumadzulo, iye khu! pakati, pamaso pa basi yodzaza anthu. Mano 480 onse ali bwinobwino, akuzungulira m'mwamba. Amene akufunika kuwawerenga tsopano ndi 32 aja.