Kogona Kaye, Malipiro Pambuyo

Masiku ano mukaona mphunzitsi wa ku Mufakose kapena ku Glen View mu Harare muno atapanira envulopu yakhaki m'khwapa m'kombi, musavutike kumufunsa. Muli masatifiketi, kalata ya apolisi yotsimikiza kuti sanabepo, ndi pepala la TEFL, la maphunziro a kaphunzitsidwe ka Chingerezi a maola 120, limene waliphunzira pa foni. Aphunzitsi m'Zimbabwe muno akhala akulirira madola 540 a ku America amene ankalandira Okutobala wa 2018 asanafike, ndipo ena kulirako atopa nako. Akufuna kukagulitsa Chingerezi ku Vietnam, ku Thailand, ku Cambodia, ku China. Koma mwana wokulira pafupi ndi msika wa Mbare Musika sagulitsa kanthu osanenerera, ndipo zimene zimatuluka pa kunenererako n'zimene ndatola m'makombimu.

*

Mnyamata wina wa ku Glen View anamuitanira intavyu ya pa foni ndi sukulu ina ya ku Hanoi. Kumeneko ali patsogolo ndi maola asanu, choncho 9 koloko yawo yam'mawa kuno ndi 4 koloko m'bandakucha. Iye anakondwa, chifukwa nyengo ya kuzimazima ija magetsi amabwera anthu atagona. Vuto lake, zimenezo akuzidziwa aliyense: mayi a nyumba akusita, aneba akuwotcherera geti, kalipentala wa mipando wayatsa makina opalira matabwa.

"Kodi muli ku fakitale?" anafunsa mayi wa ku Hanoi.

"Ayi mayi, ndili kuchipinda. Kuno usiku ndiye masana."

Atafika pa nkhani ya nyumba, mnyamata anakhala bwino pampando. "Magetsi kumeneko amabwera nthawi yanji?"

"Sachoka. Amangokhalapo."

"Nanga madzi apampopi, masiku angati pa sabata?"

"Tsiku lililonse."

Anathokoza mwaulemu wonse, nadula foni, kenako anagwedeza mkazi wake. "Amake mwana, gonani. Ndi mbava izi. Bodza lake lachita kunyanya."

*

Mtsikana wina wa ku Highfield kalata yake ya ntchito ya ku Vietnam inati azilandira madong 30 miliyoni pa mwezi. Anathamangira kwa mayi ake akululutira. Mayiwo anangokhala pansi, dzanja patsaya.

"Mwanawe, dziko limenelo likudwala matenda athu. Mu 2008 bambo ako ankayenda ndi mabiliyoni m'thumba, koma buledi tinkamuona kumaloto. Chaka chotsatira anatulutsa pepala la 100 thililiyoni. Lili m'Baibulomo, ndimasungira ndime."

Kenako mayi amene sukulu anailekera panjira anafunsa mafunso amene ejenti wa ntchitoyo sanawakonzekere: pa dola ndi zingati, leti yake ndi yakubanki kapena yamumsewu, ndipo ndalamayo yasintha dzina kangati chibadwire mwana wangayu? Pajatu munthu amene wagwirapo bearer cheque, bond note ya 2016, RTGS ya 2019 ndi ZiG ya 2024 safunanso digiri ya zachuma. Atamva kuti dola imodzi ndi madong oposa 20,000, analemba nambala pansi ndi chala, nafufuta maziro limodzilimodzi mpaka mtima unakhala m'malo.

"Pita. Koma uwauze alembenso m'madola pambali pake, ndi inki osati pensulo."

*

Pa nkhani ya nyumba palibe katswiri woposa loja wa ku Budiriro. Bambo wina amene chikwatirire wakhala akusamuka m'zipinda za lendi analandira kontirakiti yamasamba ambirimbiri kuchokera ku Thailand. Tsamba la malipiro analidumpha. Anakhala pansi n'kulemba mafunso ake. Chimbudzi tikhala angati? Ndandanda wokolopa pakhonde amalemba ndani? Geti amakhoma nthawi yanji? Polishi wapansi ndi mankhwala akuchimbudzi ndizigula ndekha kapena tizisinthana? Ndikaphika nyama, ana a eni nyumba amabwera kudzaonera TV? Alamu anga akabwera kudzagona masiku awiri, mutu wawo ulipiridwa padera?

Sukulu inayankha mwachidule: chipinda ndi chanu nokha, chimbudzi chili momwemo, mwini nyumba amakhala mzinda wina. Bamboyo mawu omalizawo anawabwereza mokweza, anapukuta misozi, nasaina. Malipiro anakawaonera konko. Akuti ndi ochepa, koma akayatsa sitovu palibe amene amakhosomola pazenera.

Mnzake wa ku Kuwadzana anasankha njira ya boma. Rwanda inasiya Chifalansa n'kutenga Chingerezi m'sukulu zake mu 2008, ndipo maboma awiriwa atasainirana pangano mu Disembala 2021, gulu loyamba la aphunzitsi oposa 150 linatera ku Kigali mu Okutobala 2022. Mkuluyu ponyamuka anauza anzake kuti tsache la mayi a nyumba walithawa basi. Loweruka lomaliza la mwezi anamva kugogoda. Kutsegula, anansi ali ndi makasu ndi matsache: linali tsiku la umuganda, limene mudzi wonse umatuluka kukasesa ndi kulambula misewu. Madzulo analembera mkazi wake mawu ochepa: "Kuno ndandanda wosesa amalemba ndi boma."

*

Ku Mabvuku ndi ku Tafara kudakali agogo amene anachoka ku Nyasaland nthawi ya Chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, ena pa malole a Ulere, ena atalembedwa ndi Mthandizi, bungwe limene linkatola anthu okagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya Southern Rhodesia. Kontirakiti yawo inali chala chachikulu pa inki. Mmodzi wa iwo, wa ku Dedza, anathera unyamata wake akuphikira mzungu ku Highlands. Mdzukulu wawo wamkazi atapeza malo ku China, anawatengera mapepala kuti awadalitse. Agogo sawerenga, koma anati awawerengere zonse, ndime ndi ndime.

"Bulangete alemba?"

"Agogo, masiku ano sapereka bulangete."

"Nanga phoso? Ufa, nyemba, mchere?"

"Akuti masana ndizidya ndi ana kusukulu."

"Ndiye kuti Loweruka ndi Lamulungu mimba ili pa holide. Pitiriza."

"Nyumba ndi ya sukulu, yaulere."

Apa agogo anaika kapu pansi. Iwo akuukumbuka Salisbury wakale, Harare wa leroyu, kumene lamulo la 1946 linkati wolemba ntchito ndiye apezere wantchito wake pogona, ndipo ntchito ikatha pogona napo patha. "Nyumba ya abwana imakoma mpaka tsiku limene wathira mchere wambiri mu supu. Lachisanu akuchotsa ntchito, Loweruka mphasa ili pamsewu. Uwafunse kuti akakuchotsa, akupatsa masiku angati usanatulutse katundu." Mdzukulu anafufuza masamba onse, osapezamo kanthu. Funsolo analitumiza ku China usiku womwewo. Yankho linachedwa sabata yathunthu, ndipo agogo anati kuchedwako ndiye yankho.

Kenako anafika pa tikiti. "Akuti ya ndege ndigule ndekha, adzandibwezera ndikamaliza miyezi 12."

"Nanga yobwerera?"

"Ndikungopita chaka chimodzi, agogo. Ndikapeze yogulira puloti basi."

Agogo anaseka mpaka kutsokomola. "Ine ndinauza amayi kuti ndikukagula njinga basi."

"Ndiye simunagule?"

"Ndinagula zitatu. Kafunse ku Dedza ngati anamvako belu lake."

*

Ku South Korea masukulu apulaiveti amene amati hagwon kawirikawiri amapereka chipinda chaulere, ndipo ukamaliza chaka pali malipiro a mwezi umodzi apamwamba. Malovu kutuluka. Koma viza yophunzitsira Chingerezi kwenikweni amapatsa nzika za maiko asanu ndi awiri: America, Britain, Canada, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Zimbabwe palibe, Malawi palibe, ngakhale mutayankhula chochita kutulukira m'mphuno.

Mphunzitsi wina wa ku Dzivarasekwa, amene zaka zovuta zija ankaphunzitsa Chingerezi ku Limpopo m'dziko la South Africa, tsiku lina analandira uthenga kwa mnyamata amene ankamukoka khutu chifukwa cholephera sipelo. "Aphunzitsi, ndili ku Seoul, ndikuphunzitsa Chingerezi. Mundithandizeko phunziro la mawa." Anamuthandiza, nanga akanatani? Pano amamulipiritsa madola asanu pa phunziro lililonse, ndipo kutchalitchi amauza anthu kuti amagwira ntchito ku Korea, kungoti amagonera ku Dzivarasekwa.

*

Maejenti nawo achuluka. Ofesi yawo ndi galimoto yoimika m'tauni, lisiti lawo ndi "tikhulupirirane". Koma anthu sanaiwale za 2016, pamene amayi ambiri a m'dziko muno anachita kukatengedwa ku Kuwait, atalonjezedwa ntchito zabwino koma n'kukalandidwa mapasipoti ndi kugwiritsidwa ntchito yaukapolo m'nyumba za anthu. Pamenepo palibe choseketsa. Ndiye ejenti wina atauza mayi wa ku Kambuzuma kuti abwana akusukulu azikamusungira pasipoti kuti isatayike, mayiyo anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa.

"Achimwene, pasipoti iyi ndinaigonera pamzere ku ofesi ya mapasipoti pa Makombe, firiji yanga inapitira yomweyi. Amuna anga amene ndabereka nawo ana anayi sadziwa pamene imagona. Ndiye ndikapatse munthu amene dzina lake silikutheka n'kutchula komwe?"

Ejenti anati kumeneko ndiye mwambo wake.

"Chabwino. Lembani pansipa kuti iwonso andipatsa yawo, tizisungirana."

*

Pali kontirakiti ina imene sasainira, koma imayamba kugwira ntchito viza isanatuluke. Bambo wina wa ku Mufakose atangonena kuti Vietnam yamuyankha, Lamulungu lomwelo banja linakhala pansi. Amalume akufuna sola, azakhali akufuna chitsime chapakhomo poti atopa ndi mzere wa pamjigo, bungwe la maliro lakumbukira ngongole ya malemu agogo, mng'ono wake wasintha kale sukulu ya ana. Bamboyo atawonkhetsa zonse anapeza kuti iye watsala ndi ya mpunga, wopanda ndiwo. Anapempha abale kuti amuonjezereko malipiro. Anamuuza kuti aona kagwiridwe kake ka ntchito pakatha miyezi itatu.

Ndege itanyamuka, m'mawa mwake mwini nyumba anagogoda kwa mkazi wotsalayo. Lendi yakwera ndi madola 20.

"Bambo, chipinda ndi chomwechi, ndipo munthu mmodzi wachokamo. Madzi ndi magetsi tizigwiritsa ochepa."

"Zoona mayi, koma tsopano ndi chipinda cha anthu akunja."

"Amuna anga sanafike n'komwe. Adakali m'mwamba."

"Palibe chothamangira, ndalemba m'kabuku. Akatera mundiuze ngati muzipereka m'madola kapena m'mamiliyoni awo aja."