Ganyu ya mzukwa

Ana a masiku ano akupatsidwa malikisi pa zinthu zimene ife tinkakwapulidwa nazo. Kale ukabisala kuseri kwa nkhokwe n'kuopseza anzako usiku, m'mawa unkadzuka ndi mikwingwirima. Lero zimenezo ndi phunziro la kukoleji. Mwana wa achemwali anga, amene amakhala kwa ine ku Bangwe ndipo akuphunzira utolankhani ndi kujambula pa koleji ina mu Blantyre muno, anauzidwa kuti iye ndi anzake asanu apange filimu yoopsa ya mphindi zisanu, ndipo malikisi ake adzalowa m'zotsatira za kumapeto kwa chaka. Ndalama zolembera akatswiri a zisudzo analibe. Nyumba yojambuliramo analibe. Chimene anali nacho ndi malume.

Ine pa nkhani ya mafilimu si mlendo ayi. Ndinakulira m'nyumba za vidiyo zija za mabenchi a matabwa, pakhomo potchinga ndi chiguduli, momwe tinkaonera mpaka maso kufiira. Mafilimu a ku Nigeria atasefukira kuno, potsatira Living in Bondage ya 1992 ija, ndinaona zonse: mphezi zotuluka m'zikhato, munthu kusanduka mbuzi, mzukwa woyamba wayang'ana uku ndi uku usanadumphe msewu. Ndiponso ku pulayimale ndinakhalapo Herode m'sewero la Khirisimasi, ndipo mayi wina analira, ngakhale kuti a nsanje amati ndinamuponda chala potuluka.

Ndiye mwanayu atati, "Amalume, tikufuna mutithandize," ndinadziwa kuti nthawi yanga yakwana. Shemu Joyah anapanga Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise osandiitana. Chiwetel Ejiofor anachoka ku Britain kudzajambula The Boy Who Harnessed the Wind ku Kasungu, nayenso anabwerera osandipeza. Sindiwada. Kwathu kuno nyumba zilibe manambala.

Kuyambira tsiku limenelo, m'nyumba imene ndimalipira lendi ndekha, mwana amene ndinkamugulira makope anasanduka adayirekita. Ndinawapatsa nzeru yaulere: ine ndikhale mfiti, ndidzole phulusa, ndiuluke pa lichero. Adayirekita anakana. Anandikumbutsa kuti lamulo la ufiti la 1911 likadalipo, loletsa kunena munthu kuti ndi mfiti komanso kudzitcha wekha mfiti. Sewero si mlandu, anatero, koma amayi a pa mjigo sadzadikira kuti muwafotokozere kuti linali sewero. Mayi a kunyumba anangowonjezera kuti lichero m'nyumba muno ndi limodzi, ndipo ndi thupi langali silingabwerere lamoyo.

Anyamata a m'gulumo ankafuna kujambula kumanda. Ndinawauza kuti kumanda salowa chilowelowe, mwini wake ndi amfumu, ndipo ndinawaperekeza ndekha. Amfumu anafunsa kuti wamwalira ndani. Tinati palibe. Anafunsa kuti nanga tikuyembekezera kuti amwalire ndani. Ana onse asanu ndi mmodzi analoza ine. Amfumu anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti tsikulo likadzafika tidzabwere, malo adzapezeka, koma kamera ayi.

Ulendo umenewu sunapite pachabe, ndipo apa ndisiye kaye nthabwala. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayamba cha ku Mulanje ndi Phalombe mpaka zinafika mu Blantyre, ndipo anthu osalakwa anaphedwa chifukwa chongokayikiridwa. Ana achilendo m'dera, oyenda usiku ndi matochi, zingwe ndi mabotolo a zinthu zofiira, si nkhani yoseketsa. Choncho tinadziwitsa amfumu, oyandikana nawo ndi anyamata achitetezo cha m'dera, aneba aja. Onse anamvetsa. Aneba anangopempha kuti nawonso aonekeko ndi zikwanje zawo.

Nkhani ya filimuyo inali yabwino, ndipo mbewu yake ndinafesa ndine, ngakhale dzina langa silinalembedwe pamenepo. Ndinawauza kuti Mmalawi wa m'tauni saopa kadzidzi, amaopa kugogoda kwa pa 1. Anaseka, koma anaitenga. Mtsikana akukhala yekha m'nyumba ya lendi, magetsi athima, pakhomo pamveka go go go. Ndi mwini nyumba, amene anamwalira chaka chatha koma akubwerabe kudzatolera zake. Aliyense amene anakhalapo pa lendi akudziwa kuti apa palibe chopeka chambiri. Mwini nyumbayo ndinali ine.

Anandipaka ufa woyera kumaso, m'khosi ndi m'manja, n'kundifunditsa nsalu ya pabedi. Kunali kotentha. Pasanapite nthawi thukuta linakumana ndi ufa, ndipo m'makwinya a pachipumi munayamba kutsika phala. Kamwana ka nyumba yoyandikana nayo kanasuzumira pa mpanda n'kufunsa mwaulemu wonse, "Agogo, kuchigayo magetsi ayaka?" Ndinakanyalanyaza, katswiri sasokonezedwa ndi zazing'ono. Vuto linali mtsikana wosewera naye uja. Ankayenera kukuwa ndikamalowa, koma chitseko chikatseguka, chimene chinkayamba kulowa ndi mimba, ine n'kumabwera pambuyo. Iye m'malo mokuwa ankagwa pampando ndi phwete. Mnyamata wogwira kamera ananong'ona kuti sanaonepo mzukwa wokhuta.

Apa m'pamene adayirekita anandiitanira pambali ndi mawu ofewa, amene ndimawadziwa chifukwa ndi omwenso amapemphera ndalama ya minibasi. Anandifotokozera za Jaws, filimu ya Steven Spielberg ya 1975. Shaki ya makina imene anapanga inkangowonongeka m'madzi, mpaka anakakamizika kumaionetsa pang'ono chabe, ndipo filimuyo inaopsa kwambiri chifukwa cha chimenecho. Munthu amaopa kwambiri chimene sakuchiona, chifukwa mutu wake umadzipangira chilombo choposa chimene kamera ingakwanitse. Anatchulanso The Blair Witch Project ya 1999, nkhani ya ophunzira atatu osochera m'nkhalango ku Maryland, momwe mfitiyo sioneka ngakhale kamodzi, koma filimu yopangidwa ndi ndalama zochepa inapeza madola oposa 240 miliyoni. "Amalume," anatero, "inu ndinu shaki yathu."

Ndinamva kukoma. Mpaka madzulo ndinali ndisanazindikire kuti shakiyo inali yowonongeka.

Tinayesa chithunzithunzi changa pakhoma, koma nacho chinali ndi mimba. Tinayesa mapazi okha, kamera ili pansi, koma ming'alu ya kuzidendene inaoneka bwino kwambiri moti mtsikana wina anati anthu aganiza kuti ndi uthenga wa azaumoyo. Potsiriza anasintha nkhani pang'ono. Wogogoda sadzaonekanso. Ine ndidzakhala mtembo wa mwini nyumba, wogona pansi m'chipinda, m'chithunzi chokumbukira zakale. Anati ndi udindo waukulu.

Mtembo umafuna magazi, ndipo magazi a m'filimu ndi sayansi. Alfred Hitchcock, popanga Psycho mu 1960, anagwiritsa ntchito chokoleti chamadzimadzi, chifukwa filimu yake inalibe mitundu, inali yakuda ndi yoyera basi. Yathuyi inali ya mitundu. Tomato sosi anaoneka wachikasu pa kamera ndipo m'nyumba monse munanunkhira tchipisi. Sobo anali wamadzi kwambiri, ankangothamangira kukhwapa. Chimene chinagwira ntchito ndi shuga wowiritsa mpaka kulemera, n'kuthiramo utoto wofiira wa makeke ndi khofi pang'ono kuti ade. Shugayo anali wa mayi a kunyumba. Amene akudziwa mtengo wa paketi ya shuga masiku ano amvetsa chifukwa chake kukuwa kwenikweni kwa tsiku limenelo kunachokera kukhitchini.

Tsono gonani pa simenti yozizira, malaya ali nyamanyama ndi shuga, maso otseka, ndipo mwauzidwa kuti musasunthe. Nyerere yoyamba inafika ngati kazitape. Ndinaimva ikukwera pa kolala, inaima kaye pa mtsempha wa m'khosi, inabwerera. Kenako inabwera ndi mudzi wonse, mzere umodzi wolowa, wina wotuluka, ndipo ina yosochera inaloza kukhutu. Ndinalimba mtima. Koma mtembo supuma, ndipo nthawi iliyonse ndikati ndibe kampweya, ndinkamva mawu a adayirekita: "Amalume, mimba." Tibwereze. Tikati zatheka, minibasi iliza hutala kumsewu. Tibwereze. Galu. Tibwereze. Tchalitchi cha kumtunda chiyamba mapemphero a usiku wonse ndi zokuzira mawu, ndipo m'busa akufuula kuti mzimu woipa utuluke, ine mzimu woipawo ndili gone pansi, nyerere zikundidya.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi mdima. Filimu yonse ndi ya magetsi othima, ndiye ine ndinkaganiza kuti apa dziko lathu latikonzera kale zonse. Ayi. Kamera ya foni mumdima weniweni siona kanthu, imangotulutsa timadontho. Kuti ujambule mdima umafunika kuwala: anakulunga babu ndi jumbo ya buluu kuti kuoneke ngati mwezi, n'kuika tochi pansi kuti nkhope ya mtsikanayo iwale kuchokera kuchibwano. Ndiye magetsi atathima zenizeni, ntchito yojambula kuthima kwa magetsi inaima. Tinakhala panja kudikira kuti ayake kuti tiwathimitse.

M'gulumo munali mtsikana wina wa kope, ntchito yake kulemba kuti kapu inali mbali iti, katani inatsegulidwa motani, magazi anafika batani liti, kuti zojambulidwa lero ndi za mawa zidzalumikizane popanda msoko. Anandiuza kuti malaya anga ndiwapachike mmene aliri. M'mawa ndinawapeza pa chingwe, oyera mbee, ndipo pofika masana anali atasitidwa. Mayi a kunyumba anati m'nyumba mwawo simugona malaya a nyerere, kaya ndi a Hollywood. Mtsikana wa kope anakhala pa khonde n'kulira mopanda mawu. Shuga wina anawiritsidwa.

Mnyamata wa phokoso yekha ndiye ankaoneka wosangalala. Anamangirira maikolofoni ku nsungwi, n'kuiveka sokosi kuti mphepo isalowe. Phokoso la fupa lothyoka analipeza pothyola nzimbe. La mpeni analipeza pobaya chivwende, monga anachitira anthu a Hitchcock, ndipo tinadya umboni wake. Chitseko changa cha kuchipinda, chimene ndakhala ndikunyozedwa nacho kuti sindichithira mafuta, anachijambula mwaulemu, mbali zonse, akugwedeza mutu. Chitsekocho chinayamikiridwa kuposa mwini wake.

Usiku womaliza anakangana nthawi yaitali za poika tochi. Ine ndinali pamalo anga, pansi, nditafunditsidwa nsalu, nditadya nsima ya nyemba. Ndikukumbukira kuti ndinatseka maso kuti ndilowe bwino mu udindo wanga. Nditawatsegula anali akulongedza zingwe, ndipo mnyamata wa phokoso anandigwira chanza ndi manja awiri, mahedifoni ali m'khosi, maso akuwala. Ndinati mwana uyu ndi yekhayo wodziwa luso.

Kudula ndi kulumikiza pa laputopu kunawatengera nthawi yaitali kuposa kujambula. Tsiku loonetsa ndinavala jekete, ndinaitana anzanga a pa bawo, ndinawakhazika kutsogolo. Filimu inayamba. Mtsikana, kandulo, go go go. Chitseko changa chinalira bwino kwambiri. Mtembo unaoneka kwa kanthawi kochepa moti mnzanga wina amene anaweramira mtedza anauphonya, ndipo chimene chinaoneka ndi nsalu ndi chala chimodzi chakuphazi. Koma kuseri kwa chitseko kunayamba kumveka chinthu. Chinkabangula pansipansi, n'kumakwera, n'kumakwera, kenako zii, ngati chafa. Ukati wapuma, chinkayambanso ndi kamluzu kowonda kumapeto. Tsitsi linandiima. Ndinapezeka nditagwira mkono wa mayi a kunyumba, chinthu chimene sindinachite pagulu chikwatirire. Ndinafunsa monong'ona kuti ana amenewa chinyama chimenechi anachipeza kuti.

"Abambo," anatero osatembenuka, "ameneyo ndi inu."

Ine sindiliza mkonono. Ndikanakhala kuti ndimaliza ndikanadzimvapo. Koma mayina atayamba kukwera kumapeto, pansi penipeni, pambuyo pa wogwira tochi ndi wobwereketsa chingwe cha magetsi, panalembedwa kuti: Mawu a chilombo, Amalume. Mnyamata uja anafotokoza kuti anangochepetsa liwiro lake pang'ono kuti mawu akule. Mayi a kunyumba anati sakumva kusiyana kulikonse.

Anawo anakhoza bwino. Akuti aphunzitsi anadandaula kuti zithunzi zina zinali zakuda kwambiri ndipo nkhani inathamanga kumapeto, koma pa phokoso anapereka malikisi apamwamba, n'kufunsa ngati anapita ku Majete kapena ku Liwonde. Anzanga a pa bawo tsopano ndikamafika amayamba kubangula. Mayi a kunyumba akuti ndipite ku COSOMA ndikalembetse, koma ndalama zikadzabwera ndi zawo, chifukwa filimu imeneyi akhala akuimvera usiku uliwonse popanda wowapepesa.

Mbiri yafalikira. Gulu lina la kalasi yomweyo linabwera sabata yatha ndi maikolofoni yawo ndi paketi ya shuga ya chipepeso, kudzapempha mawu a ng'ona. Ndinavomera, ndinagona pamphasa, anazungulira. Tulo osabwera. Munthu sungagone ana asanu ndi mmodzi akukuyang'ana m'mphuno. Anandipatsa nsima, anatseka makatani, wina anayesa kundiwerengera notsi za kalasi, koma maso anali gwa. Mayi a kunyumba, amene tsopano akudzitcha manijala wanga, anawauza kuti asataye batire pachabe. Abwere Lamulungu, akhale benchi ya kumbuyo kwanga, ndipo ulaliki ukangoyamba atsegule makina.