Kazitape wa pachisoti changa

Anyamata a pa Facebook andisokoneza mutu. Mumawaona inunso: munthu ali panjinga yamoto, kamera ya GoPro ili pachisoti, akutsetsereka mapiri, anthu n'kumamuombera m'manja. Nditafunsa mtengo wa kakamerako kwa mphwanga wa ku Lusaka, ndinaona kuti pafunika kugulitsa soya yense, mbuzi n'kuwonjezera pamwamba.

Koma ife a ku Katete sitigonja malegeni akadalipo. Malegeni amamanga matumba a makala panjinga, amafikitsa nkhumba kumsika ili kulira, amatseka mpaipi wodontha. Ndiye foni ya itel ingawakanike? Ndinadula chigubu cha mafuta ophikira n'kupanga kathumba, ndinaboola pa diso la kamera ndi msomali wamoto, ndinaika kansanza kuti foni isakhulike, kenako zonse ndinakulunga pachisoti mpaka zinati ndii. Mlamu wanga wowotcherera anati, “Alamu, tiboole chisoti timange ndi bawuti.” Ndinakana. Chisoti choboola chimasweka msanga ukagwa, ndipo bawutiyo imakhala italoza ubongo. Nzeru zanga zinathera pomwepo.

Ulendo woyesera unali wa ku Sinda, mumsewu wa Great East. Foni m'thumba n'kanthu kopepuka, koma ikakhala pachipumi mphepo n'kumaikankha, khosi limadziwa. Lori iliyonse yodutsa inkandipotola mutu. Ana m'mbali mwa msewu ankakuwa kuti kwabwera oyeza malo. Ine phee, kudzimva mtolankhani. Madzulo titasonkhana kuti tione, vidiyo yonse inali mitambo yokhayokha, khwangwala mmodzi, ndi mphepo ikulira ngati chigayo. Nditaweramitsa foni, ulendo wotsatira tinaonera thanki ya petulo ndi mawondo anga.

Ku Vubwi, kumene ndinaperekeza thumba la feteleza, foni inalawa fumbi. Vubwi anakhala boma mu 2012, chaka chimodzi ndi Sinda, ndipo ndinkafuna dziko lione mapiri ake. Dziko linaona chinthu chofiira chikunjenjemera. Apongozi ataonera anafunsa ngati kumeneko kunachita chivomezi. Pobwerera, foni inatentha ndi dzuwa n'kudzizimitsa yokha.

Tsiku limene zonse zinayenda bwino ndi limene linandipha. Chithunzi chinali choyera, mawu omveka, batire lodzaza. Chimene anyamata a pa Facebook sakuuzani n'chakuti kamera ya pachisoti imaona kumene khosi layang'ana, ndipo siiwala.

Ndinafika usiku n'kunena kuti tayala linaphwa. Amake mwana sanatsutse. Anandiikira madzi osamba, n'kupempha foni kuti aone kukongola kwa dziko.

“Atate ake mwana, tayala limeneli amamatira m'bala?”

Ndinati ndinkafunsa pampu.

“Pampuyo ndi iyi mukuipukusa musanamwe?”

Vidiyo inapitirira. Inaonetsa nyama yootcha, inaonetsa ndalama zimene ndinati sindinalipidwe zikulowa m'sokosi. Kenako panadutsa mayi wina wa chitenje chobiriwira, ndipo kamera, yokha popanda woituma, inatembenuka pang'onopang'ono n'kumuperekeza mpaka anakhota. Apa amake mwana anabwezera kumbuyo kuti aonenso bwino, anaitananso achemwali awo.

Ndinafotokoza kuti malegeni anamasuka. Anandiuza kuti malegeni anga ali ndi maso abwino.

Panopa lamulo lapanyumba ndi lakuti njinga siituluka chisoti chilibe foni, ndipo amamanga okha malegeniwo, mfundo yake yosamasulika. Ati ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, kumene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakalambira Kalonga Gawa Undi, ndikajambule Gule Wamkulu yekha, khosi lisapite kwina.

Anzanga a njinga zamoto amene mwakhala mukundipempha kapangidwe kake, bwerani ndi chigubu chanu, ndikudulirani kwaulere. Koma mukamange pahandulo, osati pamutu.